Esiteti ya Satemwa

Satemwa ndi esiteti ya tiyi ndi khofi yomwe ili m'boma la Thyolo, m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. Idakhazikitsidwa mu 1923 ndi Maclean Kay, ndipo mpaka lero ili m'manja mwa banja la Cathcart Kay. Ndi imodzi mwa maesiteti ochepa a m'derali omwe sadagwere m'manja mwa makampani akuluakulu. Mbewu yake yaikulu ndi tiyi, koma imadziwikanso ndi khofi wa mtundu wa arabica.

Malo ndi nyengo

Esitetiyi ili m'mphepete mwa phiri la Thyolo, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere. Kumadzulo kwake mtunda umatsetsereka mpaka kuchigwa cha Shire, komwe kuli maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ngakhale kuti madera awiriwa ndi oyandikana, ulimi wake ndi wosiyana kwambiri. Kuchigwa, monga kwa Mbenje, n'kotentha ndipo mvula imagwa yochepa, choncho anthu amalima thonje, mapira ndi mchewere. Khofi wa arabica sachita bwino pamalo otere. Amafuna malo okwera, ozizirirako, a dothi lakuya. Ku Thyolo amathandizidwanso ndi chiperoni, mvula yowaza ya m'nyengo yozizira, yomwe imasunga chinyezi m'nthaka.

Mbiri

Khofi adafika ku Thyolo tiyi asanafike. Mu 1878, Jonathan Duncan, yemwe ankasamalira dimba la Mishoni ya Blantyre, adabweretsa mbande za khofi kuchokera ku Edinburgh. Pofika m'zaka za m'ma 1890, khofi ndiye adali mbewu yaikulu ya azungu m'mapiri a Shire, moti mtengo wake udajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda. Itangodutsa 1900 ulimiwu udalowa pansi. Mitengo pamsika wa dziko lonse idagwa chifukwa cha kuchuluka kwa khofi wa ku Brazil, ndipo tizilombo ndi chilala zidaononga minda. Alimi ambiri adatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi.

Maclean Kay, wochokera ku Scotland, adabwera khofi atatha kale mphamvu. Iye adayamba wagwira ntchito m'minda ya raba ku Malaya, ndipo ku Satemwa adakhazikika pa ulimi wa tiyi. Nyumba ya banja lake, Huntingdon House, idamangidwa mu 1928, ndipo pano ndi malo ogona alendo. Khofi adadzabzalidwa pa esitetiyi m'zaka za m'ma 1970, m'nthawi ya mbadwo wachiwiri wa banjali.

Khofi wake

Zipatso za khofi amathyola ndi manja m'miyezi yozizira, posankha zofiira zokha. Popeza sizipsa nthawi imodzi, othyola amabwerera pamtengo umodzi kangapo. Zipatsozo amazichotsa khungu ndi makina, n'kusiya njere zake m'matanki kuti zoterera zomwe zimazikuta zisungunuke. Kenako amazitsuka ndi kuziyanika padzuwa, pa mathandala okwezedwa, uku akuzitembenuza kuti ziume mofanana. Zikauma amazipuntha ndi kuzisankha potengera kukula kwake. Khofi wina amakazingidwa n'kugulitsidwa m'dziko muno, wina amatumizidwa kunja ali wosakazinga.

Adani akulu a mbewuyi m'Malawi ndi chiwawu cha masamba, matenda oumitsa zipatso, ndi mbozi yoboola tsinde. N'chifukwa chake minda yambiri, kuphatikizapo ya Satemwa, imabzala khofi wa Catimor, yemwe amapirira ku chiwawu.

Malo ake pa ulimi wa khofi

Malawi imakolola khofi wochepa poyerekeza ndi Ethiopia, Uganda kapena Tanzania, choncho alimi ake amapikisana pa ubwino osati kuchuluka. Kumpoto khofi amalimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a bungwe la Mzuzu Coffee, pomwe kummwera ali m'manja mwa maesiteti. Kusiyana kumeneku kudachokera m'nthawi ya atsamunda, pamene malo aakulu a ku Thyolo ndi Mulanje adatengedwa ndi azungu ndipo anthu akumudzi ankagwira thangata. Kuchepa kwa malo olima ikadali nkhani yaikulu m'maboma awiriwa. Satemwa imagulanso tiyi kwa alimi ang'onoang'ono oyandikana nayo, ndipo idalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2007.