NZERU ZA MAKOLO PA MALONDA: Nyanja Nayo Imafuna Kupuma

Anthu a kwa Makanjira, kum'mawa kwa nyanja m'boma la Mangochi, anali ndi kalendala yawo mapepala asanafike. Kalendala imeneyi inali mphepo, mwezi ndi nsomba. Mwera ukayamba kuomba kuchokera kumwera m'miyezi ya chisanu, msodzi wanzeru ankakokera bwato lake kumtunda n'kumasoka ukonde. Mwezi ukawala kwambiri, ankadziwa kuti usipa subwera pa muuni, ndipo sankataya mphamvu zake pachabe. Tsono funso lathu lero ndi ili: kodi mwini boti, mwini golosale kapena mkulu wa kampani angatolepo chiyani pa nzeru zoterezi?

Tiyambe ndi chambo. Nsomba imeneyi imaswa kwambiri mvula ikayandikira ndi m'dzinja, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi ana ake m'kamwa. Khoka likakola mayi mmodzi pa nyengo imeneyi, lapha mbumba yonse. Likakola kasawala, ladya chambo cha chaka chamawa. Wamalonda aliyense azindikire kuti chambo choswa chili ngati mpamba, pamene nsomba yokhwima ndiyo phindu. Wodya mpamba amakhuta lero, koma mawa amatseka sitolo.

Umboni wake suli kutali. Ku Nyanja ya Malombe asodzi anapha chambo choposa matani 8,000 m'chaka cha 1982, koma patangopita zaka khumi sichinafikenso ngakhale matani 1,000. Makoka a maso ang'onoang'ono anasesa zonse, pakuti aliyense ankaopa kuti akasiya iye, mnzake atenga. Paja akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndi chifukwa chake mu 1993 Boma linayamba kukhazikitsa makomiti a asodzi m'madoko a ku Malombe, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linaika chambo m'gulu la nsomba zimene zili pafupi kutheratu.

Tsidya lina la nyanja, m'boma la Salima, kuli chitsanzo chosiyana. Chilumba cha Mbenje chili m'manja mwa Mfumu Yaikulu Makanjira ya kumeneko, osati ya kuno ku Mangochi. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi pa chilumbachi kuyambira Disembala kufikira Epulo. Mowa ndi juga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Nyanja ikatsekulidwa, utaka umapezeka wochuluka ndi wonenepa. Mphamvu ya utsogoleri umenewu yagona pa kulimba mtima kunena kuti basi, ngakhale pamene nsomba zikuoneka ndi maso.

Komabe tisanamizane, kupumitsa makoka si chinthu chapafupi. Nyengo yotseka imagwa pamene chimanga chikutha m'nkhokwe, ana akufuna fizi, mwini ngongole ya injini ali pakhomo, ndipo alovi akuyang'ana kwa bwana wawo. Munthu wanjala samva lamulo. Choncho ntchito yeniyeni ya mtsogoleri imachitika m'miyezi ya ndalama. Pamene thandala ladzaza usipa ndipo ogula akulimbirana, ndi pamene mwini boti ayenera kupatula gawo lodzadyetsa antchito ake, kubweza ngongole msanga, ndi kulimbikitsa alovi kuti asataye munda wa kwawo. Makolo athu sankamanga nkhokwe mu Januwale. Ankaimanga m'masika.

Chimodzimodzinso wogulitsa feteleza, woyendetsa galimoto ya matola ndi wosoka zovala: aliyense ali ndi masika ake ndi mwera wake. Amene amawonjezera antchito ndi ngongole poganiza kuti chaka chonse chidzakhala masika, dzinja limam'peza ali chimanjamanja.

Sabata yamawa tidzaona mmene makolo ankagawanirana nsomba padoko, ndi zimene mwambowo ungatiphunzitse pa nkhani ya malipiro a antchito.