Namondwe Katrina, Thumba la Boma ndi Alendo Omanga Mzinda

Usiku uno tikambirana mafunso awiri amene boma lililonse limakumana nawo ngozi yaikulu ikagwa. Loyamba nlakuti ndalama zokonzera zowonongeka zichokera kuti. Lachiwiri nlakuti ntchito yomanganso igwiridwa ndi manja a yani. Amene adaona zimene namondwe Freddy adachita m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 akudziwa kuti mafunso amenewa si achibwana. Koma lero tipita kutali, ku dziko la United States ku Amereka, kuti tione momwe dziko lolemera koposa lidakanganirana pa mafunso omwewa, ndi momwe mkanganowo udalukanirana ndi nkhani ya anthu olowa m'dzikomo kuchokera kunja.

Pa 29 Ogasiti 2005, namondwe wotchedwa Katrina adagunda gombe la kummwera kwa dzikolo, makamaka zigawo za Louisiana ndi Mississippi. Mzinda wa New Orleans uli ngati mbale: mbali yake yaikulu ili m'munsi kuyerekeza ndi madzi a nyanja ndi a mtsinje wa Mississippi, kotero kuti umadalira makoma otchinga madzi. Tsiku limenelo makomawo adagumuka m'malo oposa 50, ndipo magawo 80 mwa magawo 100 aliwonse a mzindawo adamira. Anthu oposa 1,300 adamwalira, oposa miliyoni imodzi adathawa m'nyumba zawo, ndipo katundu wowonongeka adawerengedwa kuti ngwa madola 125 biliyoni.

Tisadafike pa mkangano, tidziwe chinthu chimodzi. Makoma adagumukawo boma lidavomereza kuti amangidwe kale mu 1965, namondwe wina wotchedwa Betsy atasefukiza mzinda womwewo. Patapita zaka 40 ntchitoyo idali isadathebe. Mu 2006 nthambi ya akatswiri omanga a gulu lankhondo, imene idapatsidwa ntchitoyo, idavomera poyera kuti makoma ena adali olakwika kuyambira pa mapulani ake. Chotero ngozi imeneyi siidali ya mphepo yokha ayi; idalinso chipatso cha zosankha za zaka zambiri zapitazo, pamene ndalama za makoma zinkaoneka ngati zosafulumira.

Tsono tiyambe ndi funso la ndalama. M'masabata awiri oyambirira okha, Nyumba ya Malamulo ya dzikolo, imene amaitcha Congress, idavomereza madola opitirira 62 biliyoni othandizira ovutika. Pa 15 Sepitembala Pulezidenti George W. Bush adayankhula ku mtundu wonse ali m'kati mwa New Orleans, nalonjeza kuti boma lichita zonse zofunika kuti mzindawo udzukenso. Mawa lake adanenetsa kuti misonkho siikwezedwa. Apa mpamene aphungu adagawikana patatu.

Gulu loyamba lidali la aphungu ena a chipani cha Republican, chipani cha Pulezidenti mwini wake, motsogozedwa ndi Mike Pence. Iwo adati nkosayenera kulipira ngoziyo ndi ngongole imene adzabweze ndi ana ndi adzukulu. Maganizo awo adali akuti dola iliyonse yopita ku Louisiana idulidwe ku ntchito ina ya boma, monga misewu ina yosafunika kwenikweni, ndiponso kuti thandizo latsopano la mankhwala a okalamba lichedwetsedwe ndi chaka chimodzi.

Gulu lachiwiri, makamaka la chipani cha Democratic, lidayankha kuti kudula thandizo la osauka pofuna kuthandiza osauka ena nkungosuntha njala kuichotsa khomo ili kuipititsa khomo linalo. Iwo adaloza zinthu ziwiri: misonkho imene boma lidatsitsa mu 2001 ndi 2003, imene adati idapindulitsa kwambiri olemera, ndi nkhondo ya ku Iraq, imene idali kudya mabiliyoni angapo mwezi uliwonse. Adakumbutsanso kuti pa tsiku la namondwe asilikali zikwi zingapo a chigawo cha Louisiana, amene akadathandiza kupulumutsa anthu, adali ku Iraq.

Gulu lachitatu silidayankhule zambiri, koma ndilo lidapambana. Awa ndi aphungu a zipani zonse ziwiri amene adafuna kuti thandizo lipite, koma popanda kukhudza chitukuko cha kwawo. Nkhani ya mlatho wa ku Alaska ikuonetsa bwino zimenezi. Boma lidali litaika padera madola 223 miliyoni omangira mlatho wopita ku chilumba cha Gravina, kumene kudali bwalo la ndege ndi anthu pafupifupi 50 okha. Mu Okutobala 2005 phungu Tom Coburn adapempha nyumba ya Senate kuti zina mwa ndalamazo zikakonzere mlatho waukulu wa pa nyanja ya Pontchartrain, umene Katrina adauphwasula. Phungu wa ku Alaska, Ted Stevens, adaopseza kuti atula pansi udindo ngati zimenezo zichitika. Pempholo lidakanidwa ndi mavoti 82 kwa 15. Aphungu ambiri adaona kuti akalola mlatho wa mnzawo kulandidwa lero, mawa udzalandidwa wawo. Mapeto ake, gawo lalikulu la ndalama za Katrina lidangowonjezeredwa pa ngongole ya dziko.

Amene ankadandaula za kasamalidwe ka ndalama sadali olakwa pa zonse. Mu 2006 ofesi yofufuza za chuma cha boma idapeza kuti pakati pa madola 600 miliyoni ndi 1.4 biliyoni a thandizo lapangozi adaperekedwa molakwika kapena kwa anthu achinyengo. Ndalama zotulutsidwa mofulumira zimatayika mofulumiranso.

Tifike tsopano pa funso lachiwiri, la manja ogwira ntchito. Omvera, ganizirani mzinda umene eni ake ambiri ali ku Houston, ku Atlanta ndi kwina, opanda nyumba zobwererako, sukulu za ana zili zotseka. M'nyumba zomira mudali matope onunkha, nkhungu ndi zinyalala zoopsa. Kodi ndani akadatulutsa zonsezo ndi kukhomanso madenga?

Boma lidachita zinthu ziwiri zimene zidayankha funsoli mwakachetechete. Pa 8 Sepitembala 2005 Pulezidenti adaimitsa m'madera a ngoziwo lamulo la mu 1931 lotchedwa Davis-Bacon, limene limakakamiza makontirakitala a boma kulipira antchito malipiro ofanana ndi amene amalipidwa m'deralo. Sabata yomweyo unduna woona za chitetezo cha m'dziko udalengeza kuti kwa masiku 45 sudzalanga olemba ntchito amene alemba anthu osaonetsa zikalata zawo. Chifukwa chimene chidaperekedwa chidali chomveka: anthu ambiri zikalata zawo zidapita ndi madzi. Komabe zotsatira zake zidali zakuti khomo lidatseguka kwa antchito a malipiro otsika, ndipo adafika mwaunyinji, makamaka ochokera ku Mexico ndi ku Honduras. Lamulo la malipiro lija lidabwezeretsedwa mu Novembala, mabungwe a antchito ndi aphungu ena atadandaula, koma anthuwo adali atafika kale.

Kafukufuku wa masukulu aukachenjede a Tulane ndi Berkeley mu 2006 adapeza kuti pafupifupi theka la omanga mu New Orleans lidali la anthu ochokera ku maiko a Latin America, ndipo mmodzi mwa antchito anayi aliwonse adalibe chilolezo chokhala m'dzikomo. Ambiri ankagona m'matenti, m'magalimoto kapena m'nyumba zomwe ankakonzazo. Ambirinso adagwira ntchito masabata angapo koma bwana nkuthawa ndi malipiro awo, podziwa kuti munthu wopanda zikalata amaopa kukadandaula kupolisi. Pakati pa a ku Honduras padali ena amene adachoka kwawo chifukwa cha namondwe Mitch, amene adasakaza dziko lawo mu 1998. Othawa ngozi ina adadzakhala omanga pa ngozi inzake.

Eni mzinda, makamaka anthu akuda amene ndiwo adali ochuluka mu New Orleans, adali ndi dandaulo lawo lomveka. Iwo adafunsa kuti bwanji ntchito zomanganso mzinda wawo zikupita kwa alendo pamene iwo ali m'misasa, opanda ntchito. Ngakhale mfumu ya mzindawo, Ray Nagin, idadandaula poyera mu Okutobala 2005 za kuchuluka kwa antchito a ku Mexico, ndipo ambiri adaidzudzula chifukwa cha mawuwo. Tikaunika bwino, tiona kuti mlendo ndi mwini mudzi onse adali kuluza, ndipo wopindula adali kontirakitala amene ankalandira ndalama zambiri za boma nalipira zochepa.

Chodabwitsa nchakuti pa nthawi yomweyo, ku likulu la dzikolo ku Washington, aphungu adali kukambirana zothamangitsa anthu omwewo. Pa 16 Disembala 2005 nyumba ya House of Representatives idavomereza, ndi mavoti 239 kwa 182, bilu ya phungu James Sensenbrenner. Biluyo idafuna kuti kukhala m'dzikomo popanda chilolezo kukhale mlandu waukulu, kuti othandiza anthu otere azilangidwa, ndiponso kuti pamangidwe mpanda wautali m'malire a Mexico. Pa nthawiyo anthu opanda zikalata adalipo pakati pa 11 ndi 12 miliyoni.

Ochirikiza biluyo adati dziko losadziwa amene akulowa silingadziteteze, makamaka pambuyo pa chiwembu cha pa 11 Sepitembala 2001. Adatinso antchito opanda zikalata amatsitsa malipiro a nzika zosauka, ndipo kuwakhululukira nkuitana ena. Adakumbutsa kuti mu 1986 Pulezidenti Ronald Reagan adasaina lamulo limene lidapatsa chilolezo anthu pafupifupi 2.7 miliyoni, koma kulowa mozemba sikudathe. Otsutsa adati nkosatheka kugwira ndi kubweza anthu mamiliyoni ochuluka chotero, kuti minda, mahotela ndi ntchito zomanga zimadalira iwowo, ndipo kuti munthu akakhala ndi zikalata amalipira msonkho mokwanira ndiponso sangaberedwe malipiro mosavuta. Pa 25 Malichi 2006 anthu pafupifupi 500,000 adayenda m'misewu ya Los Angeles kukana biluyo, ndipo pa 1 Meyi ambiri m'mizinda yosiyanasiyana adanyanyala ntchito.

Nyumba ya Senate idatenga njira ina. Mothandizidwa ndi Pulezidenti Bush ndi aphungu monga John McCain ndi Edward Kennedy, amene adali a zipani zosiyana, idavomereza pa 25 Meyi 2006 bilu yolimbitsa malire koma yopatsanso ambiri mwa anthuwo njira yopezera unzika akalipira chindapusa ndi misonkho. Nyumba ziwirizo sizidagwirizane, ndipo mabilu onse awiri adafera m'njira. Chimene chidapulumuka ndi mpanda wokha: pa 26 Okutobala 2006 Pulezidenti adasaina lamulo lomanga mpanda wa mamailosi pafupifupi 700. Kuyesanso mu 2007 kudalephera. Mu 2013 Senate idavomerezanso bilu yofanana ndi mavoti 68 kwa 32, koma nyumba inayo siidaikambirane nkomwe.

Mwina mungafunse kuti nkhani ya namondwe ndi nkhani ya malire zikukumana pati. Zikukumana m'nyumba imodzi ndi m'thumba limodzi. Kuyambira mu 2003 bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lotchedwa FEMA, lidaikidwa pansi pa unduna womwewo umene umalondera malire ndi kuthana ndi zigawenga. Ambiri adadandaula kuti maso a undunawo adali pa zigawenga, ndipo kukonzekera namondwe kudatsalira m'mbuyo. Mkulu wa FEMA, Michael Brown, adatula pansi udindo patangopita masabata awiri chichitikire ngoziyo. Unduna umodzimodziwo ndiwo udatsinzina kuti antchito alowe mu New Orleans, ndipo ndiwonso pambuyo pake unkawagwira m'malo omwe ankadikira ganyu.

Nanga mzindawo udatha bwanji? Pambuyo pa ngoziyo boma lidapeza madola pafupifupi 14.5 biliyoni omangira makoma, zitseko zamadzi ndi mapampu atsopano. Pa 29 Ogasiti 2021, tsiku lomwelo patapita zaka 16, namondwe wamphamvu wotchedwa Ida adagunda Louisiana, ndipo makomawo adalimba. Koma si onse adabwerera kwawo. Kalembera wa mu 2000 adapeza anthu pafupifupi 485,000 mumzindawo; wa mu 2020 adapeza pafupifupi 384,000. Ambiri mwa osabwererawo adali a m'madera osauka monga Lower Ninth Ward. Thandizo lomangira nyumba linkawerengedwa potsata mtengo umene nyumbayo idali nawo ngozi isadachitike, kotero kuti wa nyumba ya m'dera losauka ankalandira zochepa, ngakhale kuti simenti ndi malata mtengo wake ngofanana kwa aliyense. Ena mwa alendo omanga aja adakhazikika, nabereka ana amene ndi nzika za dzikolo mwa kubadwa, ndipo mu 2018 mumzindawo mudaimikidwa chipilala chothokoza antchito a ku Latin America.

Omvera, akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. New Orleans idameteka ndi kalumo ka mlendo, koma aphungu sadathe kugwirizana ngati mlendoyo apatsidwe mpando kapena aperekezedwe kumalire. Adalepheranso kugwirizana za amene alipire, ndipo adasiyira ngongoleyo ana awo. Chimene boma limaika patsogolo sichidziwika ndi malonjezo a tsiku la maliro ayi. Chimadziwika ndi makoma amene lidamanga kapena kusamanga mvula isadagwe, ndi mndandanda wa amene lidawalipira ndi amene lidawaiwala madzi ataphwa. Chotero mukamva atsogoleri a dziko lililonse akukangana za ndalama zokonzera zowonongeka, mvetserani mafunso atatu: ndalamazo zichotsedwa kwa yani, zifika kwa yani, ndipo amene akusenza njerwa alipidwa ndi kutetezedwa motani.