Mizere yakuda ya pa katundu siinena zonse

Tengani botolo la mafuta ophikira kapena paketi ya sopo, muyang'ane kumbuyo kwake. Mupeza mizere yakuda, ina yonenepa ina yoonda, ndipo pansi pake pali manambala. Pa Chipwitikizi amati código de barras, pa Chingerezi barcode. Ambiri amaikhulupirira mizereyi mopitirira muyeso. Ena amati mtengo uli momwemo, ena amati ikakhalapo ndiye kuti katunduyo ndi weniweni. Ayi ndithu, abale. Mizereyi ndi nambala chabe, yolembedwa mwa njira yoti makina aiwerenge msanga.

Nzeruyi inachokera ku America kwa Norman Woodland ndi Bernard Silver, omwe anapatsidwa chikalata cha umwini wake mu 1952. Koma m'sitolo inayamba kugwira ntchito pa 26 Juni 1974, pomwe makina anawerenga paketi ya chingamu cha Wrigley mu mzinda wa Troy, ku Ohio.

Mizereyi ilipo ya mitundumitundu. Imene timaiona kwambiri m'masitolo athu ndi EAN-13, ya manambala 13. Ya ku America ndi Canada, yotchedwa UPC, ili ndi manambala 12. Pa tinthu tating'ono posowa malo amaikapo EAN-8. Ya pa mabuku imayamba ndi 978 kapena 979.

Manambala atatu oyambirira a EAN-13 ali ndi tanthauzo: 560 ndi Portugal, 600 ndi 601 ndi South Africa, 690 mpaka 699 ndi China. Koma chenjerani, manambalawa amasonyeza dziko limene kampani inalembetsa, osati kumene katundu anapangidwira. Nambala yomalizira ntchito yake ndi kutsimikizira makina kuti sanalakwitse powerenga.

Nanga mtengo uli kuti? Uli mu kompyuta ya mwini sitolo. N'chifukwa chake sopo mmodzi yemweyo amagulidwa mtengo wina ku Tete, wina ku Ulónguè, pamene mizere yake ndi imodzimodzi. Mtengo wa pa shelefu ukasiyana ndi wa pa lisiti, funsani musanatuluke pakhomo.

Tsiku lotha mphamvu nalonso mulibe m'mizereyi. Makina amalira bwinobwino ngakhale mkaka utatha masiku ake kalekale. Funani nokha pamene alemba kuti validade, muwerenge tsikulo. Ndipo munthu wachinyengo savutika kukopera mizere ya kampani yodziwika n'kuisindikiza pa mbewu kapena mankhwala abodza.

Palinso mtundu wina wa makona anayi, wodzaza ndi timadontho. Wotchuka ndi QR, umene kampani ya Denso Wave ya ku Japan inapanga mu 1994 pofuna kulondoloza zitsulo za galimoto m'fakitale. Umenewu umasunga zambiri, mpaka manambala 7,089, ndipo foni yokhala ndi kamera imauwerenga. Mnzake ndi Data Matrix, amene pa mabokosi ena a mankhwala amasunga ngakhale tsiku lotha mphamvu.

QR nayo imafuna kusamala. Akuba amatha kumata yawo pamwamba pa yeniyeni, kuti ndalama zanu zipite kwa iwo. Musanalipire, werengani dzina la wolandira limene latuluka pa foni, ndipo nambala yanu yachinsinsi musailembe pa tsamba lomwe simukulidziwa.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina amathandiza wogulitsa kuwerengera katundu wake. Wogula athandizidwe ndi maso ake.