Munda wopanda mwini m'makomboni a ku Harare

Mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, malo opanda nyumba ku Mabvuku, Tafara, Mufakose ndi Dzivarasekwa amasanduka minda. Chimanga chimamera m'mbali mwa misewu, kunsi kwa mawaya a magetsi, ngakhalenso m'madambo.

Pakati pa olimawo pali zidzukulu za Amalawi amene anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu. Ena anathamangira mumzinda ntchito za m'mafamu zitatha, boma litayamba kugawa malo mu 2000. Anzawo Achishona njala ikavuta amatuma uthenga kumudzi, thumba la chimanga n'kubwera pa basi. Awa kumudzi kotero alibe. Kamundako ndiyo nkhokwe yawo.

Komatu malowo si awo. Lamulo limaletsa kulima pafupi ndi mtsinje pasanathe mamita 30, ndipo khonsolo ya mzindawu yakhala ikutchetcha chimanga cholimidwa popanda chilolezo. Chifukwa chake n'chomveka: dothi ndi feteleza zimakokolokera mu Marimba ndi Mukuvisi mpaka ku nyanja ya Chivero, kumene Harare imatunga madzi akumwa. Chosamveka n'choti zikwanje zimafika mbewu itakula kale, osati pa nthawi yogalauza.

Mu 2002 makhonsolo a m'Zimbabwe anagwirizana ku Nyanga kuti ulimi wa m'tauni uzilowa m'mapulani a mizinda. Koma mayi amene sakudziwa ngati adzalimenso pomwepo chaka chamawa sangataye mphamvu kututira manyowa kapena kuphimbira nthaka ndi mapesi. Chilala cha 2024 chinapeza minda yambiri yotere ili yoguga, yosasunga chinyontho.