Namwino asadikire masters kuti akweze luso

Lamulungu lapitali nditangochoka kutchalitchi ndinapeza mwana wa mnzanga akundidikira pageti kuno ku Area 47. Ndi namwino wa digiri, ndipo watha zaka 6 m'wodi ya ana obadwa masiku asanakwane pachipatala china mumzinda muno. Tisanamwe n'komwe tiyi anayamba: "Amayi, ntchitoyi ndikuidziwa, koma pepala loonetsa kuti ndikuidziwa ndilibe. Masters ndi zaka ziwiri. Ndikasiya ntchito ana anga adya chiyani?"

Nkhaniyi ndaibweretsa pano poti ambiri a inu muli ndi mwana, mlongo kapena mkazi amene akudandaula zomwezi.

Pakati pa digiri yoyamba ndi masters pamatheka kuikapo maphunziro aafupi. Munthu amasankha chinthu chimodzi chokha, n'kuchiphunzira mozama kwa miyezi ingapo kapena chaka, basi walandira satifiketi. Ku UK satifiketi yotereyi imawerengedwa ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a masters, moti ndalama zikapezeka umadzapitiriza pamene unalekezera. Ku South Africa anamwino amachita dipuloma ya chaka chimodzi ya ntchito yapadera, monga ya ku ICU kapena ya odwala impso.

Pempho langa likupita kusukulu zathu zaukachenjede, makamaka Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine: chulukitsani maphunziro otere. Mitu simuchita kuifuna patali. Ku Kamuzu Central ndi ku Queens kuli makina osefa magazi a odwala impso, ndipo amene amakhala pambali pa wodwala maola onsewo ndi namwino. Ku Bwaila amayi amachira usana ndi usiku, ana ena n'kubadwa osalira, ndipo mphindi yoyambayo ili m'manja mwa mzamba. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Satifiketi ya kapewedwe ka matenda opatsirana m'zipatala ikanatithandiza. Palinso kusamalira odwala amene sadzachiranso, ntchito yofuna luso la mankhwala oletsa ululu komanso pakamwa pofewa.

Koma maphunzirowa akonzedwe poganizira munthu wogwira naiti. Kalasi ya Lolemba mpaka Lachisanu siyake. Ikhale Loweruka, kapena sabata imodzi pamwezi, ntchito yamanja akaichitire m'wodi yomwe akugwiramo kale pansi pa womuyang'anira. Sukulu ya ku Lilongwe ili pafupi ndi Kamuzu Central, munthu akhoza kuchoka m'wodi n'kuyenda wapansi.

Apa ndilankhulepo zanga pang'ono. Ine ndinapuma ntchito ndili ndi dipuloma, ndiye satifiketi yofuna digiri ikananditsekera kunja. Chonsecho m'zipatala zing'onozing'ono zakumidzi amene akusunga odwala ambiri ndi a dipuloma ochokera m'makoleji a CHAM ndi ku Malawi College of Health Sciences. Mayi amene wachiritsa azimayi zaka 15 osam'patsa mpata chifukwa cha pepala, n'kulakwa kumeneko. Pakhale khomo lawo: mayeso olowera, kalata ya a matron, kapena maphunziro owakonzekeretsa.

Tsono inu anamwino, kudandaula pa WhatsApp sikutsegula pulogalamu. Pulogalamu yatsopano imayambira m'dipatimenti, aphunzitsi n'kulemba zomwe zidzaphunzitsidwe, kenako imakwera mpaka ku Senate ya sukuluyo. Ikadutsa pamenepo imafunika kuvomerezedwa ndi bungwe la National Council for Higher Education, lomwe lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2011, ndipo poti ndi za unamwino, a Nurses and Midwives Council nawonso ayenera kuiona. Funso loyamba lomwe aphunzitsiwo adzafunsidwe ndi lakuti, kodi ofuna kuphunzira alipo? Yankho lake lili ndi inu. Sonkhanani, lembani kalata imodzi, muikemo mutu umene mukufuna, chiwerengero cha amene ali okonzeka kulembetsa, masiku amene mungapezeke ndiponso fizi yomwe mungakwanitse. Musakokomeze, ngati muli 20 lembani 20. Idutse kwa a matron komanso kubungwe lanu la NONM, kuti isaoneke ngati ya munthu mmodzi wofuna kuthawa naiti.

M'kalata yomweyo mufunse chinthu chimene ambiri amachiiwala: satifiketiyo ikatuluka, kodi olemba ntchito adzaiwerengera pokweza giredi? Nkhani imeneyi ikambidwe ndi a Unduna wa Zaumoyo ndi a CHAM pulogalamu isanayambe. Kupanda kutero mudzatha chaka mukugona mochedwa, pepala n'kukathera musutikesi pamodzi ndi makadi a sikelo a ana.

Podikira zonsezi, chenjerani ndi masatifiketi otsatsidwa pa Facebook. Mtsikana wina amene ndinagwira naye ntchito anatenga ngongole kubanki m'khonde, n'kulipira sukulu ina ya pa intaneti. Pepala linabwera lokongola, lachidindo chagolide, koma atalipereka kuntchito anamuuza kuti sukuluyo sakuidziwa. Ngongole yokha ndiyo inatsala. Musanatulutse kwacha iliyonse, funsani a NCHE ngati sukuluyo ndi pulogalamuyo n'zovomerezeka, mufunsenso a Nurses Council ngati adzailemba pa dzina lanu. Akuyankheni polemba, osati pafoni.

Mwana wa mnzangayu ndamuuza kuti ayambe ndi anzake am'wodi, kenako afunse azamba a zipatala zina mumzinda muno. Wati kalatayo abwera nayo Loweruka akaweruka naiti, tidzaikonze limodzi pakhonde.