Musanagule eGPU, yang'anani kaye bowo la laputopu

Achinyamata a ku Fingoé, m'boma la Marávia, amene laputopu zawo zimachedwa pa masewero angathe kuziwonjezera mphamvu osagula zatsopano. Graphics card ya kompyuta yaikulu, monga ya Nvidia kapena AMD, imaikidwa m'kabokosi kotchedwa eGPU n'kulumikizidwa ndi chingwe.

Koma laputopuyo iyenera kukhala ndi bowo la Thunderbolt 3, 4 kapena USB4. Apa munthu angataye meticais ake pachabe, chifukwa bowoli limafanana ndi USB-C wamba amene sagwira ntchitoyi. Kawirikawiri Thunderbolt imakhala ndi chizindikiro cha mphezi pambali. MacBook za M1 ndi zotsatira zake sizilandira eGPU.

Mphamvu ina imatayikira m'chingwe, makamaka poonera pa sikirini ya laputopu yomweyo. Kabokosiko kamadyanso magetsi ambiri, moti kasola kakang'ono kotchajira mafoni sikangakwanitse.