Njinga Yapezeka, Nanga Pakhomo Adutsa Bwanji?

M'midzi ya ku Bwanje m'boma la Ntcheu, ngakhalenso m'madera athu a m'mphepete mwa nyanja, banja likalandira njinga ya munthu wolumala, imene ena amaitcha chikuku, pamakhala chimwemwe chachikulu. Koma pakapita masabata angapo timaona njinga ija itaimikidwa pakona, mwini wake ali chigonere pamphasa m'nyumba. Kawirikawiri chimene chamutsekereza ndi khomo la nyumba yake yomwe.

Dera la Bwanje ndi chigwa, ndipo m'nyengo ya dzinja madzi ochokera kumapiri a Ntcheu amasefukira m'mabwalo. N'chifukwa chake amisiri amakweza maziko ndi khonde, ndipo amachita bwino. Komabe sitepe imene imaletsa madzi kulowa ndi yomweyo imene imaletsa wa pa njinga kutuluka. Munthu wotere amadikira anyamata awiri kuti amunyamule akafuna kupita kuchimbudzi, kuchipatala, kumaliro kapena kumzikiti tsiku Lachisanu. Anyamatawo akapita kumunda, iye amasala madzi poopa kuvutitsa anthu. Kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumabweretsa zilonda za pamatako ndi pamsana zimene zimavuta kupola. Ndipo moto ukabuka, kapena madzi akalowa usiku, munthuyo alibe pothawira.

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa Amalawi khumi aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, oposa mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi munthu mmodzi pa 100 aliwonse amafunika njinga yotere. Ena anabadwa choncho, ena anapuwala ndi poliyo, ena anafa ziwalo ndi sitiroko, ena anadulidwa mwendo chifukwa cha matenda a shuga kapena ngozi ya pamsewu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene malamulo akunena

Dziko lathu linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene linakhazikitsidwa mu 2006. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loteteza anthu aulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano limene linasintha bungwe la MACOHA kukhala MACODA. Malamulowa amafuna kuti malo ofikako anthu onse akhale olowereka kwa aliyense. Koma khomo la nyumba ya m'mudzi boma silidzabwera kudzalikonza. Imeneyo ndi ntchito ya banja ndi anansi.

Chikwerero chonyamulika

Njira yake ndi kuika pakhomo chikwerero chopendekeka, chopanda masitepe, chimene matayala angayendepo. Amisiri ena amachitcha ramp. Chikhoza kumangidwa ndi njerwa ndi simenti, koma chikhozanso kukhomedwa ndi matabwa kapena kuwotchereredwa ndi zitsulo kuti chizinyamulika. Chonyamulikachi chili ndi ubwino wake. Amene akukhala m'nyumba ya lendi sangaswe khonde la eni ake, koma matabwa angathe kusamuka nawo. Chikhoza kuchotsedwa posesa kapena pozira khonde. Chikhozanso kutengedwa pa ngolo kupita nacho kumene kuli ukwati kapena zovuta, kuti m'bale wathu akalowe m'nyumba ngati wina aliyense.

Muyeso wake

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri amalakwitsa. Thabwa lalifupi loimikidwa pa sitepe yaitali ndi msampha. Pokwera, njinga imatha kugudubukira chagada, mutu n'kumenyetsa pansi. Potsika, munthu amatha kupulumuka pampando n'kugwa chafufumimba.

Muyeso umene amisiri a m'mayiko ambiri amatsata ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse ya msinkhu wa sitepe, chikwerero chitalike masentimita 12. Tengani tepi, yezani kuchokera pansi kufika pamwamba pa khonde, ndipo chulukitsani ka 12. Sitepe ya masentimita 10 ifuna chikwerero cha masentimita 120. Ya masentimita 15 ifuna 180. Khonde la masentimita 30 lifuna masentimita 360, ndiye kuti mamita atatu ndi theka n'kupitirirako pang'ono. Pa muyeso umenewu munthu wa mphamvu m'manja amakwera yekha, osadikira womukankha. Ngati bwalo ndi lopanikiza, pa sitepe yaifupi mukhoza kuchulukitsa ka 8, koma pamenepo pazikhala womuthandiza nthawi zonse.

M'lifupi chisachepere masentimita 90, pakuti njinga zambiri za akuluakulu zimakhala pakati pa masentimita 60 ndi 70, ndipo manja opalasa matayala amafunanso malo. Yezaninso khomo lenilenilo chitseko chitatsegulidwa. Likhale la masentimita 80 kapena kuposerapo. M'mbali zonse ziwiri mukhomere timatabwa totalika masentimita osachepera 5 kuti tayala lisaphonye n'kugwera kumbali. Pamwamba ndi pansi pakhale malo athyathyathya, pafupifupi masentimita 150 mbali zonse, kuti munthu athe kuima, kutembenuka ndi kutsegula chitseko njinga isakubwerera m'mbuyo.

Zimene timuuze kalipentala

Tisagwiritse ntchito matabwa awiri otalikirana, lina la tayala ili, lina la tayala ilo. Njinga zambiri zoyenera misewu yathu yafumbi zili ndi matayala atatu, ndipo lakutsogolo limayenda pakati. Wokankhanso amaponda pakati pomwepo. Choncho chikwerero chikhale chathunthu, chopanda mpata.

Kunsi kwake kukhale mitanda iwiri kapena itatu ya matabwa okhuthala masentimita 5, yoyenda m'litali, ndipo pamwamba pakhomedwe matabwa opingasa ogundana bwino. Bulugamu wouma amalimba ndipo amapezeka mosavuta. Paini ndi wopepuka koma chiswe ndi chinyezi zimamudya msanga. Mitu ya misomali imire m'thabwa kuti isaboole matayala. Kumapeto kwa pansi kusemedwe mopyapyala kuti timatayala takutsogolo tisakodwe. Kumtunda kukhale kamlomo kotsamira pakhonde, kapena zikhomo zolowa m'mabowo, kuti chikwerero chisaseseleke munthu ali pakati.

Thabwa lonyowa limaterera. Pakani penti wosakaniza ndi mchenga wosefa, kapena khomerani zidutswa za matayala akutha zodulidwa mopyapyala. Chikwerero choposa mamita awiri chimalemera ndiponso chimapindika pakati, choncho chipangidwe zigawo ziwiri zolumikizana, ndipo polumikizirapo pakhale mchirikizo wolimba wa njerwa kapena chipika. Kumene khonde ndi lalitali kwambiri, nzeru ndi kuunjika dothi lotsendereka bwino, lotchingidwa ndi njerwa m'mbali, kuti likhale njira yokhazikika, n'kusiya kangalande kakuti madzi a mvula azidutsa. Matabwa onyamulika atsale a pa kasitepe ka pachitseko.

Chisanayambe kugwira ntchito chiyesedwe. Chiyenera kusenza munthu, njinga ndi wokankha pamodzi. Sanjikani pakati pake matumba atatu kapena anayi a chimanga a makilogalamu 50. Chikalira kapena kupindika, chibwerere kwa mmisiri.

Kagwiritsidwe ntchito kake

Pokwera, wa pa njinga ayang'ane kutsogolo ndipo aweramire kutsogolo pang'ono. Potsika pamalo opendekeka kwambiri, wothandiza atsitse njinga chambuyo, iye ali kumunsi, akuyenda pang'onopang'ono. Mabuleki amangidwe pamalo athyathyathya. Ana asasandutse chikwerero malo oseweretsapo, ndipo pamwamba pake pasaikidwe nsapato, ndowa kapena mbaula. Dzinja lililonse lisanafike tichitembenuze, tione ngati chiswe chalowa kapena misomali yazuka.

Tisaiwale kuti ulendo suthera pakhonde. Njira yopita kuchimbudzi ndi kubafa isalazidwe. Kwa ife a kunyanja, mchenga umamiza matayala. Njerwa zoyalidwa chogona kapena dothi la pachulu lotsenderedwa zimathandiza.

Koposa zonse, mwini njinga afunsidwe. Iye ndi amene akudziwa mphamvu za manja ake, khomo limene amalikonda ndi pamene amachita mantha. Ayese yekha chikwererocho mmisiri asanalandire malipiro onse.

Kopeza uphungu ndi thandizo

Ogwira ntchito yolimbitsa ziwalo pa chipatala cha boma angathe kulangiza za njinga yoyenera ndi kakhalidwe kabwino pampando. Bungwe la MAP, limene linayamba mu 1979 ndi dzina lakuti Malawi Against Polio, lakhala likuthandiza anthu ndi njinga ndi ndodo zoyendera, ndipo ku Blantyre kuli malo ophunzitsirako anthu opuwala a Kachere. Ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma, MACODA ndi FEDOMA, limene ndi mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi malo enanso ofunsako.

Koma matabwa, misomali ndi tsiku limodzi la kalipentala ndi zinthu zimene mudzi ungasonkhe wokha. Komiti ya pamzikiti iyeze masitepe a pakhomo pake ndi a pamalo osambirapo, ndipo isunge chikwerero chimodzi chobwereketsa kwa mabanja amene wodwala wawo wangotuluka m'chipatala. Tonse tikudziwa nkhope imene inasiya kuoneka pakati pathu chidwalireni. Sabata ino titenge tepi, tipite kunyumba kwake, tikamupatse moni, ndipo ndi chilolezo chake tikayeze sitepe ya pakhomo.